Nkhokwe Zitatu za Mawu a Nankhoma

Sendezani mbaulayo kuno, mawondo angawa si anzanu. Ndipo wina asayankhe kuti tilitonse, chifukwa iyi si nthano ya ana. Munthu amene ndikufuna kukuuzaniyu mumamudziwa. Mumapatsana naye moni pageti m'mawa uliwonse, kenako mumanong'onezana kuti bambo Kadzakumanja ndi munthu wouma pakamwa. Sanabadwe choncho. Dzina lake loyamba ndi Yotamu, ndipo ine ndinamudziwa akali munthu woseka mpaka kutsokomola.

Nthawi imeneyo wailesi yathuyi inali isanakule. Tinali ndi situdiyo imodzi, khonde, ndi mlongoti uja uli pamwamba pa phiri. Chaka china mphenzi inagwa pamlongotipo, moto n'kutsika ndi mawaya kudzapsereza kompyuta imene tinkasungiramo zonse. Nyimbo za chimtali zimene tinajambula m'midzi, mawu a nkhalamba zimene zinali zitagona kale kumanda, zonse zinapita tsiku limodzi. Yotamu, amene anali katswiri wathu wa makina, anakhala pakhonde manja ali kunkhongo ngati wafedwa.

Patapita nthawi bungwe lina lothandiza mawailesi a m'madera linatibweretsera makina atsopano osungira mawu. Yotamu anapita kukaphunzira, ndipo atabwerako anatifotokozera mwachimudzimudzi, poti ndife akumudzi ndithu. Anati tiyerekeze nkhokwe zitatu. Yoyamba ili m'kachipinda kozizira kuseri kwa situdiyo, yachiwiri ili kuphiri pamene pali mlongoti, yachitatu ili ku Lilongwe. Mawu alionse amene tajambula, makinawo amawaduladula tizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse amakaika m'nkhokwe zonse zitatu kali ndi chidindo chake chosonyeza mmene kanalili tsiku limene kanalowa. Lachisanu lililonse madzulo makinawo amayendera nkhokwe zonse okha, kufananiza kachidutswa kalikonse ndi chidindo chake. Akapeza kena kafumbwa safunsa munthu. Amakatenga kabwino kunkhokwe ina n'kudzatseka pobookapo. Ntchito ya Lachisanuyo Yotamu ankaitcha kupeta.

"Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka," ndinamuseka ine.

"Anambewe, akuluakuluwo analibe nkhokwe zitatu," anatero. "Pano palibe chidzatayikenso. Ngakhale inuyo mutatsokomola pawailesi, zidzukulu zanu zidzamva chifuwacho."

Tinaseka tonse, ndipo amene anaseka kwambiri anali mkazi wake, Fanesi, amene tonse tinkamuitana ndi mfunda wake kuti Nankhoma. Iyeyu ndiye ankawerenga mauthenga a maliro ndi a odwala. Anali ndi mawu okhala pansi, osathamanga, ndipo anthu m'midzimu ankati uthenga wa maliro ukawerengedwa ndi Nankhoma, chisoni chimapepukako. Awiriwa analibe mwana. Anthu ankanena zambiri, poti pakamwa pa munthu sipatopa, koma iwo masana ankakhala pakhonde kudyera m'kontena imodzi mbatata ya kachewere, kumakanganirana yopserera. Nankhoma anali ndi kapu yake yachitsulo, yoyera ya mkombero wabuluu, imene ankaikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko cha situdiyo. Ukaigwira kapuyo unkamva mawu ake ena amene sankamveka pawailesi.

Nankhoma anadwala nthawi ya dzinja, ndipo sanadwale nthawi yaitali. Tinakamuika kwawo kwa Chimphandu, kutsidya kwa mlatho. Zamwambo zonse zinachitika, kumeta kunatha, ndipo abale a mkazi anamusudzula Yotamu mwaulemu. Anabwera kuno ndi chikwama chimodzi. Anapeza kachipinda ka lendi kumsika, koma kunena zoona ankagona m'kachipinda ka makina kaja, pampando, atadzifunditsa jekete.

Pulogalamu ya Nankhoma anandipatsa ine. Mpando wake ndinkauopa, moti ndinkabweretsa wanga kuchokera pakhonde. Ndikamaliza kuwerenga mauthenga madzulo, ndinkasuzumira pagalasi la kachipinda kozizira n'kumuona Yotamu atavala mahedifoni, maso ali tseke. Anali atasonkhanitsa mawu onse a mkazi wake pamalo amodzi m'makinamo, kuyambira tsiku limene anayamba ntchito, ndipo ankawamvetsera motsatana. Munthu kumamvetsera mauthenga a maliro a anthu amene anaiwalika kalekale, kungofuna kumva mpweya wa wowerengayo. Ndinkamumvera chisoni, koma nthawi zina ankandikwiyitsanso. Munthu wamoyo sangamakhale m'firiji ngati nsomba ya ogulitsa.

Zachilendo zinayamba nyengo yozizira italowa, nkhungu ija ya kuno ku Dedza itayamba kutsika dzuwa lisanalowe.

Choyamba inasowa kapu. Palibe amene anali ataichotsa pamsomali chimwalirire mwini wake, ndipo tsiku lina ndinangoona msomali uli wokha. Ndinafunsa wosesa, ndinafunsa mlonda, onse anakana mpaka kulumbira. Patapita masiku ndinaipeza ndekha m'mawa, itavundikiridwa pansi pakhomo la kachipinda ka makina. Nditaitola ndinaona kuti pansi pake pabooka. Sikanali kabowo ka dzimbiri ayi, kanali kabowo koyera bwino ngati wina wakhomapo msomali. Ndinaganiza kuti ndi zamasewera za anthu opanda ulemu, ndipo ndinaibisa m'dirowa kuti Yotamu asaione.

Lachisanu lotsatira anandiitana yekha.

"Anambewe, tabwerani muone izi."

Ndinalowa. Muja mumazizira kuposa panja, ndipo mumalira timafani usana ndi usiku, kulira kosasintha kumene kumakulowa m'mano. Anandilozera pasikirini. Makina akamaliza kupeta amalemba zimene apeza, ndipo chibwerere anali asanapezepo kanthu. Tsiku limenelo anali atapeza tizidutswa tingapo tofumbwa m'nkhokwe ya pano, ndipo anali atatikonza kale.

"Ndiye vuto lili pati? Si ntchito yake imeneyo?" ndinafunsa.

"Ntchito yake ndi imeneyo. Koma tizidutswa tonseto tili m'mawu a Nankhoma."

"Mwina poti mumawamvetsera kwambiri, akutha."

"Mawu a m'makina satha ndi kumvetsera, si sopo," anatero. Anayesa kumwetulira koma sizinatheke.

Anasintha disiki imene ankaikayikira n'kuika yatsopano. Lachisanu linalo mabowo anapezekanso, ochulukirapo, ndipo ulendo uno anali m'nkhokwe ya kuphiri. Anakwera phiri, anayeza mawaya, anayeza madisiki, zonse zinali zabwinobwino. Nyimbo zathu zonse, maulaliki, mipira, mawu anga ine amene sasangalatsa ngakhale mwini wakene, zonse zinali zathunthu. Anankafumbwewo ankadya Nankhoma yekha, ndipo makina ankamubweza.

Tsiku lina anandiveka mahedifoni kuti ndimve kuti zonse zili bwino. Unali uthenga wakale, wa maliro a mayi wina wa kwa Kachere. Mawu anali omwewo, okhala pansi, osathamanga. Koma asanayambe kuwerenga panamveka kupuma. Ine ndinagwira naye ntchito Nankhoma zaka zambiri, ndipo sankapumira pamaikolofoni, ankatiphunzitsa ifeyo kutembenuza mutu. Uku kunali kupuma kwa munthu amene wayenda mtunda atasenza katundu.

"Kupumaku kunalipo kale?" ndinafunsa.

"Makina akuti palibe chasintha. Chidindo chikugwirizana."

"Ine sindikufunsa makina, ndikufunsa inu."

Anangotenga mahedifoni aja n'kuwavala yekha, ine n'kutuluka.

Masiku amenewo ndinkakwera njinga yamoto ya a Gelesomu popita kunyumba. Mukuwadziwa a Gelesomu, munthu wolongolola kuyambira pageti mpaka pakhomo pako, ndipo umalipira ulendo ndi makutu omwe. Koma madzulo ena anandinyamula ali chete, mpaka ndinawafunsa ngati kunyumba kuli bwino.

"Kuli bwino, amayi. Koma msewu wa kwa Chimphandu uja ndasiya kuyendamo kukayamba kuda."

"Achifwamba?"

"Bola achifwamba, umadziwa chimene akufuna."

Anandiuza kuti kwa milungu ingapo ankakumana ndi mayi wina mumsewumo nthawi ya chisisira. Mayiyo ankayenda m'mbali, atafunda chitenje kumutu, kuchokera kuno kutauni kulowera kumlatho. Tsiku loyamba anamuona pafupi ndi chigayo. Mawa lake anamuona patsogolo pang'ono, pamabulugama. Tsiku linalo patsogolonso. Ankayenda ndithu, miyendo inkasuntha, koma tsiku lathunthu ankangopita kamtunda kamene mwana angathamange osapuma. Anamuimira kamodzi kumufunsa ngati akufuna kukwera, ndipo mayiyo sanatembenuke.

"Ndiye chikafika Chisanu amakhala atayandikira pamlatho," anatero a Gelesomu. "Koma Loweruka m'mamawa ndimakumana naye akubwerera. Akubwera kuno, mutu uli pansi, ngati mwana amene amubweza panjira kuti waiwala chinthu. Lolemba wayambiranso pachigayo."

"Nkhope munaiona?"

"Nyali ya njinga imaunika chilichonse, amayi. Koma pamene pali iyeyo imangounika nkhungu."

Sindinamuuze Yotamu. Ndikanayambira pati? Koma kuyambira pamenepo Loweruka m'mawa ndinkayang'ana pansi pakhomo la kachipinda kaja, ndipo pankakhala fumbi lofiira, pamene bwalo lathu lonse ndi la miyala. Wosesa ankadandaula kuti a Kadzakumanja akuyenda kuti usiku. A Kadzakumanja sankayenda kulikonse. Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala, ndipo chakudya chimene ndinkamubweretsera ndinkachipeza mawa lake chili momwemo.

Mlungu wina pakati, dzuwa lili pamutu, kunabwera mayi ake a Nankhoma, a Nazimbiri. Awa si nkhalamba zofatsa zija ayi. Ndi mayi wogulitsa tomato, wamawu olira ngati belu, amene amakangana ndi makondakitala mpaka minibasi yonse kukhala chete. Koma tsiku limenelo analowa pageti mwakachetechete, maso ali ofiira. Anakana mpando, anakhala pansi pakhonde. Yotamu atatuluka, iwo anatembenukira kukhoma monga mwa mwambo wa apongozi, iye n'kunjuta chapatali. Ngakhale anasudzulidwa, ulemu uja unali usanathe. Ine ndinakhala pakati, ndipo mawu onse ankadzera mwa ine ngakhale ankamvana bwinobwino.

"Auzeni apongozi anga kuti ine sindikugona," anatero a Nazimbiri.

"Akumva, amayi."

"Auzeni kuti mwana wanga akumabwera kutulo. Salankhula. Amangokhala pachiundo cha nyumba n'kumasisita mapazi. Mapaziwo atupa, ang'ambika zidendene. Ine ndimati lowa, iye amangoyang'ana kumsewu. Mwana wanga ndinamuika ndekha, ndinaona dothi likutsekedwa. Akuyenda kuti?"

Yotamu anaweramira pansi, akuyang'ana miyala.

"Afunseni ngati pali chake chimene anatsala nacho. Ife zovala tinagawa, ziwiya tinagawa. Sindikuwaimba mlandu, anamusunga bwino mwana wanga, mudzi wonse ukudziwa. Koma ngati pali kanthu anabisa, kaya ndi mpango, kaya ndi nsapato, anene."

"Palibe chimene ndinabisa, amayi," anatero Yotamu, akulankhula kwa ine.

Apo ndinakumbukira kapu ija. Ndinakaitenga m'dirowa n'kuipereka kwa a Nazimbiri, ndikuganiza kuti mwina chinthucho n'chimenechi. Anaitembenuza, anaona kabowo kaja, ndipo anakhala nthawi akukasisita ndi chala.

"Anaboola ndani?"

"Sitikudziwa. Tinaipeza choncho."

"Kwathu kapu ndi mbale zoika pamanda timaziboola," anatero, mawu atatsika. "Amayi anga tinawaikira mbale yoboola, agogo anganso chimodzimodzi. Chiwiya chikabooka ndiye kuti ntchito yake kuno yatha, chapita ndi mwini wake. Pa mwana wangayu a mpingo anakana, ife tinangomvera. Ndiye wadziboolera yekha." Anaimanga kapuyo pansonga ya chitenje. "Ndikaiika pamanda. Koma wina asadzaimate. Cha munthu wakufa sachimata."

Nditatembenuka ndinaona nkhope ya Yotamu itasintha. A Nazimbiri za makina sankazidziwa, ndipo palibe amene anawauza. Anatsanzika n'kumapita ndi kapu yawo, akuganiza kuti nkhani yatha. Koma ine ndi Yotamu tinatsala pakhondepo tikudziwa chimene chinkabooledwa mlungu wonse, ndi chimene chinkamatidwa Lachisanu lililonse.

"Achimwene," ndinatero, "mwamva."

"Ndamva nkhani ya kapu."

"Musandipusitse ine, si ine mwana. A Gelesomu akumakumana ndi Nankhoma pamsewu. Amayenda mlungu wonse, akangotsala pang'ono kuoloka mlatho, makina anuwa amamubweza."

Ndinayembekeza kuti akalipa, kapena andiuza za madisiki ndi mawaya. Koma anangokhala pansi pamene anakhala apongozi ake paja.

"Anambewe, nyumba ndinasiya kwa Chimphandu. Zovala zake anagawana. Mwana woti ndizimuonerapo nkhope palibe. Chithunzi chilipo, koma chithunzi sichiyankhula. Ndikasiya kukonza, mawu aja atha, ndipo sindidzamumvanso mpaka ndidzafe. Inu mukuti nditani?"

Ndinangomusiya pomwepo.

Lachisanu linafika ndi nkhungu yoti sungaone geti uli pakhonde. Magetsi anathima chakumadzulo, wailesi n'kumayendera mabatire, ndipo nyali zinatsala ziwiri zokha, ya mu situdiyo ndi kuwala kwa sikirini m'kachipinda kaja. Nditamaliza mauthenga sindinaitane a Gelesomu. Mtima unakana kumusiya yekha munthu uja. Ndinalowa n'kukhala pakatoni pambali pake, ndipo sanandithamangitse.

Kupeta kunali kutayamba. Pasikirini pankayenda kamzere kosonyeza pamene makina afika. Anadutsa nyimbo, anadutsa maulaliki, osapeza kanthu. Atangofika pa mawu a Nankhoma, mizere yofiira inayamba kutsika ngati nyerere. Yotamu anaweramira kutsogolo.

"Izi sizinachitikepo," ananong'ona.

"Chiyani?"

"Kale kachidutswa kakabooka kuno, kuphiri kamakhala kabwino. Lero kabooka kuno, kabookanso kuphiri, malo amodzimodzi. Tizidutswa tonse. Kwatsala ku Lilongwe kokha."

Nankhoma anali atagwira ntchito mlungu umenewo. Anaboola nkhokwe ziwiri, kachidutswa ndi kachidutswa, ndipo yachitatu inamukanika kapena nthawi inamuthera. Makina analibe nazo kanthu. Anayamba kukoka zabwino kuchokera ku Lilongwe, ndipo mizere yofiira ija inayamba kusanduka yobiriwira umodzi umodzi, kuyambira pamwamba.

Pamenepo tinamva miyala ya pabwalo.

Mlonda wathu amavala majombo, ndipo kuyenda kwake timakudziwa. Uku kunali kuyenda kopanda nsapato, phazi limodzi likukwakwaza. Kunachokera kugeti, koma geti sitinalimve kutseguka. Kunkabwera pang'onopang'ono, kuima, kuyambanso. Mzere ukasanduka wobiriwira, phazi linkasuntha. Mapaziwo anakwera pakhonde, anadutsa chitseko cha situdiyo, anafika pakhomo la kachipinda kathu.

Sanagogode. Chitseko sichinali chokhoma, koma chigwiriro sichinagwedezeke. Tinangomva chinthu chikutsetsereka pathabwa kuchokera pamwamba mpaka pansi, monga amachitira munthu akatsamira chitseko n'kudzigwetsa kuti akhale. Thabwalo linalira pang'ono ndi kulemera. Kenako kunabwera kupuma kuja, komwe kuja ndinakumva m'mahedifoni, koma tsopano kunali kuseri kwa thabwa, pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanakhudza chitsekocho. Sikunali kupuma koopseza. Ndinachita mantha, inde, koma chimene chinandigwira kwambiri chinali chisoni. Sindinamvepo munthu wotopa chotero.

Yotamu anadzuka. Ndinamugwira jekete kuti asatsegule, koma sankafuna kutsegula. Anagwada pafupi ndi chitseko, anatsamiritsa chipumi pathabwa.

"Nankhoma," anatero. "Mwatopa?"

Kunja kunali zii. Timafani tokha tinkalira.

"Ine ndimati ndikukusungani. Sindinadziwe kuti ndikukuyendetsani."

Anakhala chogwada nthawi yaitali, ndipo zimene ananong'ona pambuyo pake sindinazimve, komanso sizinali zanga. Mizere yobiriwira inali ikuchulukirabe. Kenako anadzuka, anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete, anakhala pampando. Anayamba kulemba, n'kulakwitsa kangapo. Anaimitsa kupeta. Anauza makina kuti mawu a Nankhoma awachotse m'nkhokwe ya ku Lilongwe ndi ya kuphiri, atsale a pano okha, obookabookawo, ndipo asadzawakonzenso. Makina anamufunsa ngati watsimikiza, poti anapangidwa kuti asataye kanthu ndipo zoterezi amazikayikira. Anayang'ana funsolo kanthawi, n'kuvomera.

Palibe chinaphulika, palibe mphepo inaomba. Thabwa lija linangolira kachiwiri, ngati munthu wachotsa msana. Tinamva mapazi akutsika pakhonde, kenako miyala, kulowera kugeti. Phazi lija linkakwakwazabe, koma sankaimaima. Tinamvetsera mpaka nkhungu inameza zonse.

Zotsalazo zinatha pang'onopang'ono. Yotamu ankamvetserabe madzulo alionse, ndipo nthawi zina ankandipatsa mbali imodzi ya mahedifoni. Poyamba munkasowa liwu limodzi apa ndi apo, ngati munthu akumeza malovu. Kenako ziganizo zathunthu. Mayina a anthu akufa aja ankasowa, midzi yawo inkasowa, n'kumatsala "maliro adzaikidwa" popanda wonena kuti kuti. Iye sankadumpha malo opanda mawuwo. Ankamvetsera cheteyo mpaka mawu abwerenso, ndipo tsiku lililonse chete ankatalika. Kupenyerera zimenezo kunali kowawa kuposa tsiku la maliro, chifukwa pamaliro pamakhala anthu, pamakhala nyimbo. Apa panali munthu mmodzi pampando, ndipo mankhwala ake, kupeta kuja, anali nawo m'manja mpaka tsiku lija anawataya yekha.

A Gelesomu anati anamuonanso mayi uja kamodzi kokha, ali pakati pa mlatho, ndipo Loweruka lake msewu unali wopanda munthu. A Nazimbiri anatumiza uthenga kuti ayamba kugona, pamodzi ndi tomato wodzaza beseni, poganiza kuti kapu ija ndiyo inathandiza. Sitinawatsutse. Mphepo ya Ogasiti isanathe, pamalo pa Nankhoma m'makinamo panalibenso chomveka.

Ine ndinkaganiza kuti akatero Yotamu apepukidwa, ayambiranso kuseka. Anayamba kudya, anameta ndevu, anayamba kugona kunyumba kwake kumsika. Ntchito amagwira bwino, inu nomwe mukudziwa kuti chiyambireni pano simunatayepo ngakhale nyimbo imodzi. Koma Lachisanu lina madzulo ndinamupeza m'kachipinda kaja ali yekha, mahedifoni ali pakhoma, akungoyang'ana pasikirini. Kupeta kunali kutatha, ndipo makina anali atalemba kuti sanapeze cholakwika chilichonse.

"Zili bwinotu," ndinatero.

"Zili bwino," anavomera. Kenako anati, "Mukudziwa, Anambewe, mawu aja anali akale. Ndinali nditawaloweza onse. Koma mabowo aja anali atsopano. Lachisanu lililonse ndinkadziwa kuti mlungu uno anadutsa pano, anagwira apa ndi apa. Ndinkawadikira."

Mpaka lero Lachisanu madzulo sapita kunyumba msanga. Inu mumati amakonda ntchito. Amakhala muja mpaka makina amalize kupeta nkhokwe zonse zitatu, amawerenga kuti palibe cholakwika, amazimitsa nyali n'kutuluka. Ndiye mukakumana naye pageti nthawi imeneyo, musamufunse ngati zonse zili bwino. Adzakuyankhani kuti inde, ndipo adzakhala akunena zoona.